Malume ndi Lisiti la ku San Jose

(Malume abwera kudzacheza kwa mphwawo Yamikani ku San Jose, m'chigawo cha California. Angotuluka m'shopu momwe agula jekete. Ali m'galimoto, mandala ali pamphuno, lisiti lili m'manja.)

MALUME: Yamikani, usalize kaye galimoto. Tibwerere. Mtsikana wa patilu uja watibera.

YAMIKANI: Watibera bwanji, malume?

MALUME: Pa jekete analembapo 80. Ndawerenga ndekha kawiri. Apa akuti 88. Madola 8 awa ndi a chiyani? A hang'ala?

YAMIKANI: Ndi msonkho umenewo. Kuno pa katundu amalemba mtengo wopanda msonkho, winawo mumakaumvera patilu.

MALUME: Ha! Venda wa kaunjika amayambira pamwamba n'kumatsika. Awa akuyambira pansi n'kumakwera?

YAMIKANI: Muno mu San Jose ndi madola 10 pa 100 aliwonse. Unali 9.375, koma unakwera pa 1 Epulo 2026 anthu atavota.

MALUME: Anavota kuti utsike, wina n'kuwabera mavoti?

YAMIKANI: Ayi, anavota kuti ukwere. Pa 4 Novembala 2025. Pafupifupi 57 mwa 100 aliwonse anati inde. Amautchula kuti Measure A.

MALUME: (akuvula mandala) Anthu amoyo, osaledzera, kukaima pamzere kuti chonde tidulitseni zinthu? Madzi amene mumamwa kunowa akayezedwe.

YAMIKANI: Ndi nkhani ya zipatala, malume. Boma linadula ndalama, ndiye boma linapempha anthu kuti asonkhe.

MALUME: Boma ladula, boma lomwelo likupemphetsa?

YAMIKANI: Maboma alipo atatu. Lalikulu la ku Washington, la California ku Sacramento, ndi laling'ono lathuli la Santa Clara County. Lodula ndi la ku Washington, lolira ndi lathuli chifukwa ndi limene lili ndi zipatala zinayi: Valley Medical Center, O'Connor, Regional, ndi St. Louise ya ku Gilroy.

MALUME: Ndiye kuti mwana mmodzi, abambo atatu, koma fizi ikuvuta.

YAMIKANI: Pa 4 Julaye 2025 a Trump anasainira lamulo lotchedwa One Big Beautiful Bill.

MALUME: Kutanthauza?

YAMIKANI: Lamulo limodzi lalikulu lokongola.

MALUME: Dzina limenelo ndi lolemba kumbuyo kwa minibasi. Kukongola kwake kuli pati?

YAMIKANI: Likuchotsa madola oposa 900 biliyoni pa zaka 10 ku Medicaid, thumba lolipirira anthu osauka kuchipatala. Kuno timati Medi-Cal. M'dera lino munthu mmodzi mwa anayi aliwonse amadalira thumba limenelo. Komanso kuyambira 2027 akuluakulu ambiri azisonyeza kuti agwira ntchito, kapena kuphunzira, kapena kudzipereka maola 80 pamwezi kuti asachotsedwe.

MALUME: Munthu agwire kaye ntchito kuti amupatse mankhwala oti achire akagwire ntchito?

YAMIKANI: Olumala ndi amayi oyembekezera sizikuwakhudza. Koma mapepala ake, malume! Mutha kukhala woyenera n'kugwa chifukwa cha fomu. Ndipo wochotsedwayo sasiya kudwala. Amangodikira zifike poipa, n'kubwera ndi ambulansi, ndipo lamulo limati wobwera mwadzidzidzi asabwezedwe. Bilu imatsalira chipatala.

MALUME: Dikira kaye. Dzulo unandizungulitsa mpaka msana kuwawa. Unandionetsa chinyumba chozungulira ngati khola chija.

YAMIKANI: Cha Apple, ku Cupertino.

MALUME: Kenako kuja kuli tinjinga tamitundumitundu.

YAMIKANI: Google, ku Mountain View.

MALUME: Unati makampani amenewa ndalama zawo munthu sungaziwerenge n'kumaliza uli moyo. Onsewo ali m'boma laling'ono lomweli?

YAMIKANI: Momwemo.

MALUME: Ndiye atayang'ana uku Apple, uku Google, anagwirizana kuti wopulumutsa chipatala akhale ine ndi jekete yanga?

YAMIKANI: Iwonso akagula zinthu amalipira.

MALUME: Mwini Google amavala majekete angati nthawi imodzi? Thupi ndi limodzi ngati langali. Iye 8, ine 8. Iye saimva n'komwe, ine ndaimva mpaka m'mawondo.

YAMIKANI: Komatu pa madola 8 amenewo, ya Measure A ndi masenti 50 okha. Ndi 0.625 pa 100.

MALUME: Masenti 50? Agula chiyani, theka la panado?

YAMIKANI: Akaphatikiza onse akuti azipeza madola pafupifupi 330 miliyoni pachaka, kwa zaka 5.

MALUME: Nanga zimene zadulidwazo?

YAMIKANI: Boma lathuli likuti lizitaya oposa 1 biliyoni pachaka.

MALUME: Mphwanga, ine ndakhala msungichuma wa mpingo zaka 14, masamu usandinamize. Buluku lang'ambika pa 1 biliyoni, chigamba ndi cha 330 miliyoni. Munthu ameneyo asawerame pagulu.

YAMIKANI: Bola chigamba kusiyana n'kuyenda choncho.

MALUME: Pamenepo wanena. Koma ndalamazo zili ndi bokosi lakelake, lolemba kuti "chipatala", loko wake uyu?

YAMIKANI: Eee... zimalowa mumphika umodzi ndi zina zonse. Akanati alembe m'lamulo kuti ndi za chipatala chokha, pakanafunika mavoti awiri mwa atatu aliwonse. Njira iyi imangofuna kuposa theka. Koma analonjeza kuti zipita kuzipatala.

MALUME: Analonjeza! Ife tinasonkha za malata a tchalitchi zaka zitatu. Tsiku lina tinangoona malata aja akubwera ali ndi matayala awiri, akulira kuti phuphuphu, abusa ali pamwamba.

YAMIKANI: Inu ngati msungichuma munali kuti?

MALUME: Ndinali kumbuyo, ndawagwira m'chiuno. Usasinthe nkhani. Iweyo unavota chiyani?

YAMIKANI: Ine sindivota, unzika sunatuluke.

MALUME: Koma patilu anakufunsa za unzika?

YAMIKANI: Ayi.

MALUME: Ehe. Tiye tikagule nkhuku yootcha, mkwiyowu wandipatsa njala. Nayonso ili ndi msonkho?

YAMIKANI: Yaiwisi ilibe. Ufa, mkaka, masamba, mankhwala olemberedwa ndi dokotala, zonsezo zilibe. Koma chakudya chogulitsidwa chili chotentha chili nawo.

MALUME: Nkhuku yomweyo?

YAMIKANI: Yomweyo.

MALUME: Ndiye msonkhowo si wa nkhuku, ndi wa nthunzi. Chabwino. Tikaitenga, tikaima nayo pafupi ndi firiji, ine ndizikaiuzira.

YAMIKANI: Malume, kuli makamera.

MALUME: Ajambule. Kuuzira chakudya si mlandu. (akupinda lisiti bwinobwino, n'kuliika m'thumba la jekete)

YAMIKANI: Nanga limenelo mukulisungiranji? Mukufuna mudzabweze jekete?

MALUME: Ili ndi buku langa la kuchipatala. Bondo ili landivuta kuyambira pa eyapoti. Mawa undiperekeze, ndikawaonetse kuti ndine mmodzi wa eni ake.

YAMIKANI: Ndi masenti 50?

MALUME: Ndati bondo limodzi. Linalo, tidzagula kaye nsapato.