Lekani kunamiza ana ndi chomata cha i7

Zandikwana! Mnyamata wa ku Ulongue wagulitsa kachewere wake yense, watsikira ku mzinda wa Tete, ndiye wamalonda wina wamugulitsa kompyuta ati ndi "ya magemu" chifukwa pabokosi pamatidwa i7, dzina la purosesa, ubongo wa kompyuta. Kutsegula m'kati: i7-3770 ya 2012, khadi la graphics la GT 730. Gemu ya mpira ya FC 24 ikungodukizadukiza, wosewera waima, kenako watulukira kale pagolo.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Abale anga, chimene chimajambula zonse mukuona pa sikirini ndi khadi la graphics. Khadi likakhala lofooka, ikanimo purosesa ya mtengo uliwonse, gemu idzadukizabe. Eni ake a FC 24 analemba poyera kuti khadi lochepetsetsa ndi GTX 1050 Ti ya 4GB. GT 730 sifika olo theka la mphamvu imeneyo. Musamvere zoti "koma ili ndi 4GB". Memory yake ndi yamtundu wakale wa DDR3, yochedwa, nambala ya 4 ija amangoyikuza pakatoni kuti mukopeke.

Nayo i7 payokha si kanthu. Onani nambala yotsatira: 3770 ndi m'badwo wachitatu. i3-12100F ya 2022, ma core (zigawo zogwira ntchito m'purosesa) anayi omwewo, imaisiya kutali. Ogulitsa amazidziwa zimenezi, amangodziwanso kuti mabokosi akale a muofesi amawapeza motchipa.

Ndalama musanapereke, yatsani makinawo pomwepo. Tsegulani pulogalamu ya GPU-Z muone dzina lenileni la khadi, chifukwa pali ma GTX 1050 Ti abodza amene m'kati ndi GTS 450 yakalekale, ndipo pulogalamuyi imalemba FAKE patsogolo pa dzina. Kenako yatsani gemu pamodzi ndi MSI Afterburner, pulogalamu yoonetsa mmene khadi ndi purosesa zikugwirira ntchito. Khadi lili pa 99% koma FPS (zithunzi pa sekondi) ili pansi pa 30? Khadi lakanika. Khadi likungosewera pa 60% pomwe ma core a purosesa adzaza? Apo ndiye purosesa ikubweza ntchito m'mbuyo. Wogulitsa akakana kuti muyese, tulukani.

Musaiwale power supply, kabokosi kogawa magetsi m'makina. Timabokosi tambiri ta muofesi timakhala ndi ya 240W basi. Khadi ngati RX 580 palokha limadya 185W ndipo limafuna waya wakewake wamagetsi wa 8-pin, mukakakamiza makina azingozima gemu ikafika potentha. Pabokosi lotere ikani GTX 1650 ya low profile (yaifupi, yokwana m'timabokosi), imene imakhutira ndi 75W yochokera pa slot pamene khadi limalowa.

Ndiye pali kutentha kwathu kuno. Okutobala ku Tete dzuwa limapitirira madigiri 40, fumbi la ku Moatize ladzaza m'mafani, thermal paste, phala lothandiza kuziziritsa purosesa, inauma kalekale, purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsa liwiro yokha. Munthu akugulitsa makina a zaka zoposa khumi osapukuta olo fani imodzi, n'kumati "ndi yatsopano, bwana". Yatsopano chani?