Nkhalango ya m'mudzi imafuna njira yoyendamo kuposa mbande

Maganizo anga pa tinkhalango ta m'midzi, tija ta mahekitala 5 kapena 10 m'mbali mwa phiri monga timationa ku Dedza ndi ku Ntcheu: timatha chifukwa palibe amene amayendamo ndi maso, kupatula wa nkhwangwa ndi wa machesi. Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 December mpaka pa 15 April, timakhala kalikiliki kudzala mitengo. Sindikutsutsa. Koma nkhalango yachilengedwe ya mombo, mtondo ndi misuku sidzalidwa. Imadzuka yokha pa zitsa ndi pa mizu, bola moto wa October ndi mbuzi zisaipeze. Ntchito imene imalipira ndi yolambula njira, kuisamala, ndi kupeza anthu oti aziyendamo sabata iliyonse.

Lamulo la nkhalango la 1997 limapatsa nyakwawa mphamvu yopatula malo a mudzi kuti akhale nkhalango, mothandizana ndi a zankhalango, ndipo pamakhala komiti yoyang'anira. Makomiti alipo ambiri. Koma funsani mamembala kuti malire akudutsa pa mtengo uti, muona akuyang'anana.

Njira zikhale ziwiri. Yoyamba ndi ya m'malire, yomwenso imatchinga moto. Nkhalango ya mahekitala 10 ikakhala yofanana mbali zonse, kuizungulira ndi pafupifupi kilomita imodzi ndi mamita 300, ndiye kuti anthu 20 a makasu sangadandaule nayo. M'lifupi musachepetse mamita 4, ndipo kumene kuli tsekera wamtali kapena kumene kumachokera mphepo ya mwera fikitsani 6. Palani mpaka dothi lioneke. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amasenga udzu ndi chisenga n'kuusiya pomwepo, kapena kuunjika zinyalala mbali ya nkhalango. Udzu wosengawo ukauma umayaka kuposa woimirira. Kokerani zonse kunja, muzitenthe madzulo anthu alipo. Nthawi yake ndi May kapena June, ndipo mubwerezenso mu August masamba akayoyoka, chifukwa masamba ouma a msuku amaolotsa moto bwinobwino.

Yachiwiri ndi yam'kati, ya mita imodzi basi. Iyende mopingasa phiri, mokhotakhota, osalunjika pamwamba. Njira yolunjika imasanduka ngalande mvula yoyamba, ikamatha mvula yachitatu chimakhala chigwembe. Pamene patsetsereka, ikani mzere wa miyala kapena chipika mopendekeka pa mapazi 10 mpaka 15 alionse kuti madzi azipatukira m'udzu. Ngati pali kasupe, njira idutse kumunsi kwake, isapondereze pamene madzi akutulukira. Ndipo chonde, bulugamu pafupi ndi kasupe ayi.

Za moto ndinene momveka, poti ndi pamene timakangana kwambiri. Ena amati nkhalango isapse n'komwe. Zikanatheka bwenzi zili bwino, koma udzu wa zaka zitatu wosapsa ukakumana ndi mnyamata wosaka mbewa mu October, malawi amafika m'nthambi, mphukira zonse zosakwana mamita 2 zimapserera, mtengo n'kuyambiranso pansi. Kutentha msanga, kumapeto kwa May kapena mu June udzu usanaumitsitse, cha m'ma 4 koloko madzulo mphepo itagona, kumapereka moto wozizira woyenda pansi, umene umazima wokha mame akagwa. Musatenthe ponse. Gawani nkhalango m'zigawo zitatu, muzitentha chimodzi pa chaka, kuti nkhwali ndi akalulu akhale ndi kothawira. Pamene pali mphukira zazing'ono palirani mozungulira, musatenthepo.

Pa chitsa chilichonse pamatuluka mphukira mwina 10 kapena kuposa, zonse zikulimbirana chakudya. Siyani ziwiri kapena zitatu zowongoka, makamaka zotulukira m'munsi mwa chitsa, chifukwa zam'mwamba zimakhadzuka ndi mphepo. Dulani ndi chikwanje chakuthwa, mokwezera m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike, ndipo nthambi musadze mpaka theka la msinkhu wake, osapitirira. Mukasadza kwambiri kamtengo kamaonda n'kupindika. Chitsa chili kale ndi mizu yozama, n'chifukwa chake mphukira yake imapirira chilala chimene chimapha mbande ya m'chubu. Zodulazo ndi nkhuni za amayi a m'komiti, asapite chimanjamanja.

Tsono kuyendako. Nyamukani kukungocha, cha m'ma 5:30, mubwerere dzuwa lisanalimbe. Anthu asapose 6, agalu atsale kunyumba. Galu mmodzi amathamangitsa gwape amene wakhala m'nkhalangomo chaka chonse, ndipo nkhanga yoikira mazira m'udzu nthawi ya dzinja ikavumbulutsidwa kawiri imasiya chisa.

Nyama zenizenizo simudzaziona kawirikawiri. Nkhalango yaing'ono imawerengedwa pansi. Gwape amasiya tiziboda tosongoka, totalika ngati chala chachikulu, ndi timibulu ta ndowe. Nungu imasiya minga yake pakhomo pa una kapena pansi pa thanthwe, ndiponso imakukuta khungwa m'munsi mwa mtengo. Fungwe amachita chimbudzi pamalo amodzimodzi, mulu wodzaza nthangala za zipatso ndi zikamba za bongololo. Mukaupeza m'mbali mwa njira dziwani kuti usiku mumayenda mwini wake. Pamene dothi latipulidwa mosalongosoka pafupi ndi madzi, ndi nguluwe, ndipo eni minda ya chinangwa auzidwe. Pa matanthwe yang'anani mizere yoyera yotsetsereka, ndi mkodzo wa mbira. Changa mudzamumva madzulo akulira ngati khanda m'mitengo ya mkuyu.

Mbalame za m'mitengo ya mombo zimayenda pagulu la mitundu yosiyanasiyana, makamaka nyengo yozizira. Mutha kuyenda mphindi 20 kuli zii, kenako mtengo umodzi n'kudzaza tonse. Mukakumana nalo gululo imani, lidutsa lokha. Mitengo youma yoimirira musagwetse yonse: agogomole amaboola mphako, akadzidzi ndi agologolo amadzalowamo pambuyo pake. Siyani ngakhale 3 kapena 4 pa hekitala. Kadzidzi tamunenera zambiri, koma makoswe amene amatha chimanga m'nkhokwe amadyedwa ndi iyeyo.

Mwezi uliwonse uli ndi chake. Kumapeto kwa August ndi mu September mombo umatulutsa masamba ofiira mvula isanagwe, phiri lonse psuu. Kukatentha, nyemba zake zimaphulika thwa, kumwaza njere, nyenje zikulira. Masuku amapsa kuyambira cha mu November. Khalidwe lomenya thunthu ndi mwala kuti agwe ndi limene laononga misuku yambiri: onani zipsera zakuda m'thunthu, pamenepo m'pamene chiswe ndi kuola zimalowera. Tolani ogwa okha. Mvula ikakhazikika kumabwera bowa. Manyame ndi chipindi amamera chifukwa cha mizu ya mombo ndi misuku, ndiye mukadula mitengoyo n'kudzalapo paini kapena bulugamu, bowa ameneyu musamuyembekezerenso. Bowa amene simukumudziwa musatole, ngakhale aoneke ngati wodyedwa. Pitani ndi mayi wa m'mudzimo amene wakhala akuzula kuyambira utsikana. Mphalabungu nazo, gwedezani nthambi, osagwetsa mtengo chifukwa cha ndiwo za tsiku limodzi.

Valani nsapato zotseka ndi thalauza. Mphiri sithawa, imangogona m'masamba m'mbali mwa njira, n'chifukwa chake njira yopalidwa bwino ndi yofunika. Polumpha chipika, pondani pamwamba kaye muone kuseri. Wina akalumidwa, musacheke, musayamwe, musamange chingwe cholimba. Mugoneke, chiwalocho chisagwedezeke, mumunyamule kupita kuchipatala. Chitedze chimakonda m'mphepete mwa khwawa nyengo yachilimwe, chidziweni ndi maso. Mukafika kunyumba fufuzani nkhupakupa kuseri kwa mawondo ndi m'chiuno.

Woyenda aliyense akhale ndi kope ndi cholembera. Alembe chitsa chatsopano, utsi wa uvuni wa makala, msampha wa waya pa kanjira ka gwape, mtengo wosendedwa khungwa. Mombo umafa ndi osenda luzi komanso opanga ming'oma ya makungwa: kusenda kuzungulira thunthu ndi kupha mtengo wa zaka makumi angapo chifukwa cha mng'oma umodzi. Ming'oma ya matabwa ndi imene iyenera kupachikidwa, mamita 30 kapena kuposa kuchokera pa njira, khomo lake lisayang'ane kumene anthu amadutsa. Msampha ukapezeka uchotsedwe ndi kuperekedwa kwa amfumu tsiku lomwelo. Ngaka mukaipeza, isiyeni ipite, muuze a zanyama zakutchire. Kusunga kapena kugulitsa ngaka ndi mlandu umene chilango chake chimatha kufika zaka 30 m'ndende.

Chinanso, kwa inu a m'tauni amene mumabwera Loweruka ndi makamera. M'midzi yambiri ya Achewa, mitengo ikuluikulu yotsala ili ku manda, ndipo kumeneko kumakhala dambwe. Sikolowa mwachisawawa, ngakhale muone mbawa yokongola bwanji. Yambani mwaonekera kwa amfumu, akupatseni wokuperekezani, ndipo mumulipire. Chimodzimodzi ku Chongoni m'boma la Dedza, kumene kuli malo 127 a zithunzi za pa matanthwe, amene bungwe la UNESCO linawazindikira mu 2006: ku Chentcherere, ku Mphunzi ndi ku Namzeze pitani ndi munthu wa komweko, musakhudze zithunzizo, musazithire madzi kuti zioneke bwino pa foni, musakoleze moto m'phanga.

Ndalama ya alendo oterewa si yambiri, komiti isalote nayo. Koma ikalembedwa m'buku n'kuwerengedwa pamsonkhano, imakwana kugula makasu ndi zikwanje zolambulira malire chaka chamawa, ndi kamba wa anthu amene adzagwire ntchitoyo mu May.