Za canola uja mukundivutitsa naye ku inbox

Chiikireni zithunzi za minda yachikasu ya canola ija anthu simukundipatsa mpata, aliyense akuti achimwene titumizireni mbewu tikalime kumudzi, tizikayenga tokha mafuta ophikira a organic, ochokera ku mbewu yolimidwa popanda feteleza kapena mankhwala. Ndiye ndati ndiyankhe kamodzi pano, mundikhululukire kutalika.

Ine ndili kuno ku Overberg, cha ku Caledon, Western Cape ku South Africa, ndipo canola ndimamugwira ndi manja angawa. Timafesa mu Epulo kapena Meyi mvula ya dzinja ikayamba, maluwa amabwera mu Ogasiti ndi Seputembala, kukolola ndi cha mu Okutobala kukafika Novembala. Mwaona kale vuto? Kunoko mvula imagwa nthawi yozizira. Kwathu mvula imabwera ndi kutentha, pomwe canola akachita maluwa dzuwa likuswa mtengo, kupyola madigiri 30, maluwa amangoyoyoka osabereka. Ndiye kumudzi ndi nkhani ya kudimba nyengo yozizira, kuthirira, mwina malo okwera ngati Dedza kapena ku Tsangano, osati ku Nsanje ayi.

Chomwe ambiri sadziwa, canola ndi m'bale wake wa repu yemweyu timadyera nsima. Anthu a ku Canada, Baldur Stefansson ndi Keith Downey, ndi amene anamukonza m'ma 1970 pochotsa asidi wina wotchedwa erucic, mafuta ake akhale abwino kudya, ndipo kuti atchedwe canola asidiyo asapyole 2 peresenti. Apa ndi pamene pali mutu wanga wonse. Njuchi sizidziwa malire a munda. Inu mwalima canola wanu bwinobwino, aneba asiya repu wawo kuti achite maluwa atolepo njere, njuchi zikuyenda uku ndi uku, mbewu yomwe musunge chaka chimenecho ndi yosakanizika kale, ndipo mulibe labu yoyezera kuti mafuta akadali aja. Ku Canada komweko alimi a organic a ku Saskatchewan ambiri anangomusiya canola chifukwa mungu wa canola wa GMO, uja wosinthidwa chibadwa ku labu, wochokera m'minda ya anzawo umawalowerera, anthu a minda ikuluikulu zedi amenewo, nanga ife a theka la ekala lomwe mbali zonse kuli dimba la wina?

Komanso mbewu zambiri zogulitsa kuno ndi za haibulidi, zothira kale mankhwala, ndiye ndikakutumizirani sizikhala organic ndipo kubwereza chaka chamawa zokolola zimatsika. Ndiponso mbewu sizidutsa pa boda ngati shuga, pamafunika mapepala.

Mbewu imeneyi ndi yadyera. Imafuna chakudya chambiri m'nthaka, opanda feteleza ndiye kuti manyowa a khola okhaokha ochuluka, ndipo musandiuze za manyowa a Mbeya, mu Mbeya timathiramo feteleza amene uja, si organic. Nsabwe za m'masamba zimamukonda ngati mmene zimakondera repu, mudzatopa ndi kusinja nimu. Munda womwewo subwerezedwa, kuno timadikira zaka zitatu kapena zinayi chifukwa cha matenda. Pokolola ndi pomwe pali misozi, njere zake ndi tating'ono ngati ta mpiru, mukachedwa masiku ochepa makoko amangophulika okha, zonse pansi, mbalame zikusangalala.

Sindikuti mafuta ake ndi oipa ayi. Njere imakhala ndi mafuta opitirira 40 peresenti, ngakhale kamakina kakang'ono kofinyira sikatulutsa onse, ena amatsalira mu keke, zotsala za njere zija mukafinya, yomwenso nkhumba ndi nkhuku zimadya bwino. Mafuta a B-well omwe anzanga a kuno mumagula mu shopu amayengedwa ku Swellendam pompa, ndi canola yemweyu.

Koma mukandifunsa ine, munthu wa ekala imodzi wofuna mafuta ake opanda mankhwala alime mpendadzuwa kapena mtedza. Zimalola mvula yathu, mbewu mumaidziwa, makina oyengera mpendadzuwa alipo kale m'ma trading centre, mumangonyamula thumba pa njinga kubwerako ndi chigubu. Wofunitsitsa canola ayese kabedi kamodzi kudimba mu Meyi, kutali ndi repu, adzandiuze mu Okutobala kuti wapeza makapu angati.