Mwatanganidwa Tsiku Lonse, Nanga Mwamaliza Chiyani?

Ndikulankhula ndi inu ana anga amene mumafika ku ofesi nthawi yake, kukhala pampando mpaka nthawi yoweruka, n'kubwerera kunyumba muli wefuwefu, chikhalirecho lipoti lomwe limafunika Lachiwiri lidakali pa tsamba loyamba. Sindikuti ndinu alesi ayi. Mlesi amadziwika, ndipo mankhwala ake ndi ena. Inu vuto lanu n'lakuti mumaduladula tsiku ndi manja anu omwe, mpaka sipatsala nthawi yotalika mokwanira kuti mugwire ntchito yofuna mutu.

Taonani mmene zimachitikira. Mwatsegula lipoti, mwalemba mizere iwiri. Foni yawala patebulo: uthenga wa pagulu la WhatsApp. Mukuti kungosuzumira chabe, ndipo n'zoona, sizinathe n'komwe mphindi imodzi. Koma pobwerera pa lipoti lija mukuyamba mwawerenganso ndime yonse kuti mukumbuke pomwe munalekeza. Nambala yomwe munaisunga m'mutu yauluka, ndiye mukutsegulanso fayilo ina kuti muipeze. Muli komweko mwaona imelo yatsopano, mwayamba kuiyankha. Lipoti lili pheee.

Zimenezi zinafufuzidwa. Gloria Mark wa pa University of California, Irvine, wakhala zaka zambiri akuyang'anitsitsa anthu ogwira ntchito m'maofesi. Anapeza kuti munthu akadukizidwa, pamadutsa mphindi pafupifupi 23 asanabwerere ku ntchito yomwe anaisiya, chifukwa amayamba wapatukira ku tintchito tina tiwiri. Anapezanso chinthu chochititsa manyazi: pafupifupi theka la kudukiza konseko kumachokera kwa mwini wake, popanda womuitana. Mu 2004 anthu ankatha mphindi ziwiri ndi theka akuyang'ana chinthu chimodzi pa kompyuta asanasinthe. M'zaka zaposachedwapa nthawiyo yatsika kufika pa masekondi 47. Werengerani nokha. Mukadukizidwa kasanu m'mawa umodzi, ntchito yanu yaikulu yadikira pafupifupi maola awiri. Kuwonjezera apo, wofufuza wina, Sophie Leroy, anasonyeza mu 2009 kuti munthu akasiya ntchito ili pakati n'kuyamba ina, maganizo ena amatsalira pa yoyambayo, choncho yachiwirinso amaigwira ndi mutu wosakwanira.

Ndiye musamadzitame kuti mumatha kugwira ntchito zitatu nthawi imodzi. Ubongo sugwira ntchito ziwiri zofuna kuganiza pa nthawi imodzi. Umangodumpha uku ndi uku, ndipo kudumpha kulikonse kuli ndi mtengo wake. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kugwa kwake mu ofesi ndi uku: kulemba 63 pomwe pamafunika 36, kutumiza kalata popanda fayilo yomwe mwaitchula, kapena kuyankhira gulu lonse mawu omwe mumafuna kuuza munthu mmodzi. Ntchito yolakwika imagwiridwa kawiri, ndipo kachiwiriko mumaigwira mutakalipiridwa kale.

Chitani izi, ndipo muzichite ndendende. Foni ilowe m'chikwama kapena mu dirowa. Kungoitembenuza chafufumimba patebulo sikuthandiza, chifukwa dzanja limaidziwa pomwe ili. Zimitsani tizidziwitso tonse ta WhatsApp, Facebook, TikTok ndi imelo, musiye kulira kwa foni kokha. Sankhani nthawi zitatu patsiku zoonera mauthenga, mwachitsanzo 10:30 m'mawa, mukangobwera kopuma masana, ndi ola limodzi musanaweruke, ndipo nthawi iliyonse isapitirire mphindi 20. Auzeni abwana ndi anzanu kuti pakakhala zadzidzidzi akuimbireni. Ambiri amadumpha gawo limeneli, ndiye anthu amayamba kudandaula kuti sakuyankhidwa, mwini wake n'kubwerera ku khalidwe lakale pasanathe sabata. Pambali panu pakhale pepala ndi cholembera. Ganizo likakubwererani muli pakati pa ntchito, loti muimbire wakutiwakuti kapena mufufuze chakuti, lilembeni papepalapo n'kupitiriza. Pa kompyuta patsegulidwe zokhazo zomwe ntchitoyo ikufuna.

Kwa amene mutu unazolowera kale kudumpha, yambani pang'ono. Njira yomwe Francesco Cirillo wa ku Italy anayambitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi yosavuta: tcherani wotchi mphindi 25, gwirani chinthu chimodzi chokha, pumani mphindi 5. Mukatero kanayi, pumani mphindi 15 mpaka 30. Pomwe anthu amalakwitsa m'popuma. Amatenga foni, mphindi 5 zija n'kusanduka 20, ndipo amabwerera mutu utadzaza nkhani za eni. Popuma imirirani, yendaniko, imwani madzi, yang'anani patali kuti maso apume. Mukazolowera, talikitsani kufika mphindi 50 kapena 90 pa ntchito yolemba ndi yowerengera.

Tsopano za kuzengereza. Kawirikawiri munthu amathawa ntchito chifukwa sakudziwa poyambira, kapena akuopa kuti siituluka bwino. Ndiye amabisala mu ntchito zonamizira: kukonza patebulo, kusintha mitundu ya zilembo, kuyankha timakalata tosavuta. Akuoneka wotanganidwa, mtima ukudziwa kuti akuthawa. Yang'anani ndandanda yanu. Ngati mwalembapo kuti "lipoti la chaka", simunalembe ntchito, mwalemba phiri. Lembani chinthu choti dzanja lingachite tsopano lino ndipo chingathe pasanathe theka la ola: "kutsegula lipoti la chaka chatha n'kukopera mitu yake", "kupempha a zachuma manambala a miyezi itatu yomaliza". Mukatha icho lembani chotsatira. Ndipo polemba koyamba musamakonze chiganizo chilichonse. Lembani mpaka kumapeto ngakhale zikhale zoipa, kukonza kubwere pambuyo. Wofuna kuti ndime yoyamba ikhale yangwiro samafika pa ndime yachitatu.

Ndandanda ya zinthu 20 ndi bodza lodzinamiza nokha. Madzulo musanachoke, lembani zitatu zokha zofunika mawa, muike chizindikiro pa chimodzi chomwe chikapanda kuchitika tsikulo lapita pachabe. Chimenecho ndicho muyambe nacho m'mawa, musanatsegule imelo. Mukayamba ndi imelo, mwapereka maola anu abwino kwambiri ku zofuna za anthu ena. Lamulo la David Allen, mlembi wa mabuku a kagwiridwe ka ntchito, loti kanthu kotha m'mphindi ziwiri kachitidwe pompo ndi labwino, koma ligwire ntchito pa nthawi yoona mauthenga ija basi. Mukaligwiritsa ntchito tsiku lonse, lisanduka chiphaso chodukizira ntchito.

Palinso matenda olonjeza nthawi yosakwanira. "Nditha mawa m'mawa, bwana." Mawa lafika, simunafike ngakhale pakati. Akatswiri a za maganizo a anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, analemba za chizolowezi chimenechi mu 1979: poyerekeza nthawi, anthu amaganizira mmene ntchito ingayendere zonse zitayenda bwino, n'kuiwala mmene ntchito zofanana nayo zinayendera kale. Si anthu wamba okha. Nyumba yotchuka ya zisudzo ya ku Sydney inkayembekezeka kutha mu 1963 pa madola a ku Australia 7 miliyoni, koma inatha mu 1973 itadya madola 102 miliyoni. Mankhwala ake ndi kope. Kwa sabata ziwiri, lembani pa ntchito iliyonse nthawi yomwe mukuganiza kuti itenga, kenako nthawi yomwe yatengadi. Mukaona kuti zomwe mumati ola limodzi zimadya awiri, ndiye kuyambira pamenepo muzichulukitsa kawiri musanalonjeze. Pa maola 8 a tsiku, konzerani ntchito maola 5 kapena 6 okha, otsalawo ndi a zogwa mwadzidzidzi, zomwe sizilephera kubwera. Koma musapitirirenso mbali inayo. Mlembi wa ku Britain, C. Northcote Parkinson, analemba mu 1955 kuti ntchito imafufuma mpaka kudzaza nthawi yonse yomwe yapatsidwa. Kalata ya mphindi 30 mukaipatsa tsiku lonse, idya tsiku lonse. Dziikireni nokha malire, ndipo pa ntchito yaikulu malirewo akhale tsiku limodzi lisanafike lomwe abwana anena, kuti mupeze mpata woiwerenganso ndi maso atsopano.

Nanga inu ovomera chilichonse? Aliyense wobwera ndi kantchito mukuti chabwino, chifukwa kukana mukukuona ngati mwano. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mapeto ake mumakhumudwitsa anthu asanu m'malo mokana mmodzi. Kwa abwana simukana, mumawaonetsa katundu yemwe mwasenza: "Bwana, panopa ndili ndi lipoti lomwe mukulifuna Lachinayi. Ndikatenganso iyi, imodzi ichedwa. Ndiyambe iti?" Palibe chipongwe pamenepo, ndipo chisankho chabwerera kwa mwini wake. Polandira ntchito funsaninso zitatu musanachoke pamaso pawo: ikufunika liti, ioneke motani, ndipo aigwiritse ntchito ndani. Pali anthu amatha masiku atatu akulemba masamba 15 pomwe abwana amafuna tsamba limodzi.

Za misonkhano sindichulutsa mawu. Msonkhano wopanda mfundo zolembedwa ndi nthawi yothera ndi macheza. Anthu 8 akakhala ola limodzi, apo patha tsiku lathunthu la munthu mmodzi. Msonkhano usathe musanalembe kuti ndani achita chiyani pofika liti.

Mafayilo nawo, abale. "Lipoti lomaliza", "lomaliza 2", "lomalizadi", onse ali mbwee pa kompyuta, ndipo tsiku lina mutumiza lolakwika. Yambitsani dzina ndi chaka, mwezi ndi tsiku, monga 2025-03-14, kenako dzina la ntchito. Akatero amadzindandalika okha, latsopano limakhala kumapeto.

Chomaliza chomwe achinyamata mumachinyozera ndi tulo. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7. Ofufuza a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anasonyeza mu 1997 kuti munthu yemwe wakhala maso maola 17 amachita zinthu mofanana ndi yemwe ali ndi mowa wa mlingo wa 0.05 peresenti m'magazi. Simungalowe mu ofesi mutamwa, nanga bwanji mukulowamo mutachezera pa foni mpaka 1 koloko usiku? Khofi sabweza tulo totayika, amangobisa kutopa, ndipo theka la mphamvu yake limakhala lidakali m'thupi patapita maola pafupifupi 5. Womwa 4 koloko madzulo asadabwe kuti 10 koloko maso ali gwa. Foni ikagone kutali ndi bedi, poti kuzimitsa alamu kufune kudzuka.

Mphindi 10 zomaliza musanaweruke musayambe chatsopano. Lembani zitatu za mawa zija, ndipo pa ntchito yomwe yatsala pakati siyani mzere umodzi wonena pomwe mwalekeza ndi chotsatira, monga "ndafika pa tebulo lachitatu, kwatsala kuphatikiza manambala a Disembala". Fayilo yakeyo muiike pomwe muione koyamba mukayatsa kompyuta.