Waranti ya galimoto latsopano isamakhale lonjezo la papepala chabe

Munthu akagula galimoto latsopano kuno ku Harare, nalipira madola ochuluka a ku America, amakhala atagulanso mtendere wa mumtima, poti ogulitsa amalonjeza kuti vuto lililonse lochokera kufakitale adzalikonza kwaulere. Koma galimoto langa litayamba kugogoda kumawilo akutsogolo ndiponso kuyatsa nyali yochenjeza za injini, ndinaona kuti lonjezolo n'lovuta kulipeza.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ogulitsawo amayamba ndi kufunafuna chifukwa chokanira asanatsegule n'komwe boneti. Kugogodako akuti ndi maenje a m'misewu yathu, ngati kuti iwo sankawadziwa maenjewo pamene ankandigulitsa galimotolo. Za injini akuti ndi petulo, chonsecho boma la Zimbabwe limalamula kuti petulo azisakanizidwa ndi ethanol, ndipo aliyense wogulitsa magalimoto m'dziko muno ayenera kubweretsa injini zolimba ndi mafuta amenewo. Atavomera pomaliza, anandiuza kuti sipeyala ichokera ku South Africa kudzera pa chipata cha m'malire cha Beitbridge ndipo fakitale iyenera kuvomereza kaye, motero galimoto linangokhala kugalaja kwawo masabata ambiri ine ndikukwera makombi, osandibwereka lina, osandiimbira foni ngakhale kamodzi.

Kwa makanika wanga wa ku Mbare sindingapite, chifukwa akangoligwira waranti yatha. Lamulo la Consumer Protection Act la 2019 limapatsa wogula ufulu wolandira katundu wabwino, ndipo dandaulo langa ndikulipereka ku bungwe loteteza ogula la Consumer Protection Commission.