Azibambo inu, kunyanja mumapita ndi banja kapena ndi cooler box?

Ndimafuna ndingozisiya koma ayi mtima ukukana, zomwe ndaona ku Senga Bay pa tsiku la anakubala zikundiwawabe mpaka pano. Kamwana kakang'ono, zaka 5 sikanakwanitse nkomwe, akakweza pa chubu cha galimoto chija amabwereketsa anyamata a pagombe, kamphepo nkuyamba kukakankha pang'onopang'ono kulowera pakati, palibe ndi mmodzi yemwe akuona. Amake ali chogwada pa mbaula kupemerera makala, poto wa mpunga uku nkhuku uku, wakhanda ali kumsana, chitenje chatsopano cha Mother's Day chanunkha kale utsi. Abambo ake ali pamthunzi ndi anzawo azungulira cooler box, sipika ili mmwamba, mkangano wa Maule ndi Manoma wafika povuta. Anakamubweza mwanayo ndi mnyamata wa bwato yemwe amachokera kokawonjola maukonde ake. Nde bambo uja nkubwera ali dzandidzandi, botolo lili mmanja osalisiya, mawu oyamba kutuluka mkamwa mwake akuti "Amake mwana mumayang'ana kuti inu? Ntchito yanu ndi chani kuno?" Pagulu. Pa tsiku lawo lomwe amayiwo. Mxiii.

Nde ndikufunseni azibambo, mukamati tiyeni kunyanja ndi ana mumatanthauza chani kwenikweni? Chifukwa zomwe timaona ife nzakuti mumangofuna bala ina yokhala ndi mchenga basi. Banja mumalitenga ngati katundu woti mukamutsitse pagombe, mukatsitsa ntchito yatha, mwatembenuka ulendo kokasaka ayisi. Mayi anadzuka 3 koloko mbandakucha kukazinga nkhuku, kulongedza mbale, mathawulo, zosinthira za ana, thewera, mpaka Panado wa mwana, wafika kunyanja wayambanso kuphika ngati ali kukhitchini kwake ku Area 25, kungoti lero dzuwa la Okutobala likumuwotcha pamutu ndipo ana omwe amawayang'anira pabwalo lero akuwayang'anira mmadzi. Maso awiri okha, ana anayi, moto uli pambaula. Inu mwakhala. Kenako madzulo nkuponya chithunzi pa Facebook, ati ndawatengera madamu kunyanja akapumeko. Apuma nthawi yanji?

15 Okutobala ndi holide ya amayi, boma linaika tsikuli kuti mayi alemekezedwe, koma pitani ku Salima, ku Mangochi, ku Nkhata Bay, ku Chintheche muone amene akusangalala pa tsikuli ndi ndani. Mayi amene anabwera ndi kosita kuchokera ku Lilongwe, makilomita oposa 100, amabwerera kwawo madzi atangowaponda ndi kuphazi pokatsuka mapoto. Nyanja waionera chapatali kudzera mu utsi.

Ndipo musandiuze zoti ndalama ya ulendo ndatulutsa ndine. Tamva, mafuta mwagula, mwina munagona ndi pamzere pa filling station, zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni. Koma mafuta sasambira. Ndalama yanu siingalowe mmadzi kukavuula mwana. Mwana akakhala mnyanja amafuna munthu wamkulu amene ali bwinobwino mmutu, ataima pafupi poti akhoza kumugwira ndi dzanja, osati uyo ali pansi pa mtengo patali maso ali psuu. Kulipira ulendo sikukuchotsani pa ubambo, ana aja ndi anu kunyumba ndi anunso kunyanja, sasanduka a mayi okha chifukwa choti mwatsegula botolo.

Ena azati ndi chikhalidwe chathu, ena azati azibambo ali ndi stress ya zachuma asiyeni apumeko, kaya, zimenezo mukakambirane kwanuko.

Chomwe ndikudziwa ine nchakuti nyanja ya Malawi si dziwe la kudambo. Anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre timailowa chaka kamodzi nde timaiona ngati bafa lalikulu poti madzi ake ndi oyera ukuona mpaka zala zakuphazi. Nyanja imeneyi kumpoto imazama mpaka mamita 700. Magombe ena ngati a ku Nkhata Bay ukangoyenda pang'ono pansi patha, waponda mmwamba. Madzi ake alibe mchere, sakunyamula ngati a ku Durban kapena ku Beira, ukatopa watopa basi ukupita pansi. Mu 2024 madzi anakwera mpaka kulowa mma lodge ku Mangochi, gombe lomwe munkalidziwa kale silili chimodzimodzi, pomwe munkaima madzi akulekeza mmawondo pena pasintha. Kufupi ndi mathiriro a mitsinje kuli ng'ona ndi mvuu, eni dera amadziwa poti apa sitisamba, inu obwera simufunsa chifukwa muli bize kufunsa komwe kukupezeka yozizira. Ndipo mwana akamamira sakuwa ayi, izi zoti amakuwa akuponya manja mmwamba nza mmafilimu, amangoti zii madzi alowa mkamwa, mphindi zochepa nkhani yatha, ndiye ndi sipika yanu ija ili pa volume yonse mungamve chani? Magombe ambiri omwe timapitako anthu wamba kulibe munthu wolembedwa ntchito yopulumutsa omira. Wopulumutsa ndinu bambo. Inuyo. Tsoka silinunkha.

Apolisi chaka ndi chaka amachenjeza pa wailesi tsikuli likamayandikira kuti musasambire mutamwa, yang'anirani ana, koma zimangolowera khutu ili kutulukira linali. Holide ikatha timamva kuti kwakuti wina wamira, timalemba RIP mma comment, chaka chamawa tabwereza zomwezo ndi cooler box yokulirapo.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri nchakuti sizovuta nkomwe. Palibe akukuuzani kuti musamwe moyo wanu wonse. Tsiku limodzi lokha. Vulani malaya mulowe mmadzi ndi ana anu, muwagwire pamimba aphunzire kumenya miyendo, mumange nawo nyumba zamchenga, muwatengere kwa asodzi akaone usipa ukuyanikidwa pa thandala, akadziwe kusiyana kwa chambo ndi kampango, ana a mtauni ambiri nsomba amaidziwa ili kale mmbale. Ngati muli ku Cape Maclear akwezeni boti, ma life jacket atavala, akaone mbuna zamitundumitundu zija azungu amaulukira kuchokera kutali kudzaziona, malo amene aja ali pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 1984 koma mwana wanu wafika pomwepo nkubwerera atangoona msana wanu. Ngakhale kungobwereka njinga za kabaza muzungulire nawo mmudzi, akakumbukira mpaka kukula. Nkhuku ija muotche ndinu, mesa braai mumati ndi ya azibambo? Mayi akhale pa mkeka atambasule miyendo, amwe Fanta wake mwamtendere, alowe mmadzi anyowe naye ngati munthu. Mwana samakumbukira kuti adadi anagula makireti angati, amakumbukira kuti adadi anandinyamula paphewa mmadzi. Koma inu ayi, ana akabwera kudzakukokani dzanja yankho ndi lomwe lija, pitani kwa amanu.

Pitani kwa amanu, pitani kwa amanu, tsiku lonse. Nde munabwera nawo chifukwa chani? Bwanji osangowasiya kunyumba nkupita ndi anzanuwo, tidziwe kuti ndi ulendo wa mowa, mayi naye agone tulo take? Kusiyana nkumuvutitsa munthu ndi dzuwa lonse lija kenako nkumukalipira pagulu pa mlandu woti ndi wanu.

Ndipo munthu yemweyo wamwa kuyambira 9 koloko mmawa, dzuwa likamalowa ndi amene akutenga makiyi. Msewu wa Salima usiku, zitunda ndi makona aja, njinga zopanda magetsi mmbali, malole, ana agona kumbuyo, mayi wagwira mtima mmanja akungopemphera chamumtima poti akayankhula ayambitsa ndewu. Mukamuuza kuti apatse wina ayendetse ati galimoto ndi yanga ndimaidziwa. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Mabotolo anuwonso mukamaliza muziwatola. Mchenga wonse magalasi okhaokha, wina waphwanya dala botolo nkulikwirira ndi phazi, ana akuthamanga opanda nsapato pomwepo, ma pampers, mapepala apulasitiki, mafupa a nkhuku, anthu a mmudzimo amene amatunga madzi ndi kuchapa pamenepo atsale akutola nyansi zanu inu mwapita. Komanso inu eni malo amene mumatilipiritsa pageti munthu aliyense mpaka mwana, ndalama mukutolera koma chimbudzi chimodzi anthu mazanamazana, china mwakhoma ndi loko ati ncha alendo ogona. Nde anthu amwa tsiku lonse mukuganiza akukodza kuti? Mmadzi momwemo momwe ana akusambira, kenako tizidabwa likodzo. Tsegulani zimbudzizo.