Gulu ladzaza, koma onyamula ufa ndi anayi

Dzulo mnzanga wa ku Matawale ananditumizira chithunzi, akunyadira kuti gulu lawo la pa WhatsApp lothandiza ovutika ladzaza. WhatsApp imalola anthu 1,024 pagulu limodzi, ndiye iwo afika pamenepo. Ndinamufunsa kuti mwezi wathawu ananyamuladi thumba la ufa kukapereka kwa munthu ndi angati. Anayamba kaye waseka. "Aise, mwina anayi."

Magulu ambiri otere anabadwa mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba kuchigawo chakummwera kuno. Nthawi imeneyo aliyense mtima unali m'mwamba. Wina zovala, wina kangachepe pa Mpamba, wina galimoto yopita kumisasa. Lero tsegulani magulu omwewo, mupeza mavesi a m'mawa ndi otsatsa zitenje.

Ine gulu ndimaliyeza monga timaonera mudzi pamaliro. Anthu amadzaza pasiwa, inde. Koma adzukulu okumba manda alipo angati? Ndipo pakati pawo alipo mnyamata amene wagwira khasu koyamba chaka chino? Ngati akukumbabe ndi madala omwe aja, misana itatha kale, mudziwo zinthu sizili bwino, ngakhale nyimbo zimveke mpaka kuphiri la Zomba.

A Wikipedia, tsamba la pa intaneti lomwe nkhani zake amalemba ndi anthu ongodzipereka, nawo amayang'ana pomwepo. Kulembetsa dzina sikokwanira, amawerenga mwapadera akonzi amene akonza nkhani kasanu kapena kuposerapo pamwezi. Ndipo mu 2006 Jakob Nielsen, katswiri wofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito masamba a pa intaneti, analemba kuti m'magulu a pa intaneti, mwa anthu 100, pafupifupi 90 amangowerenga, 9 amalankhula mwa apo ndi apo, mmodzi ndiye amasenza pafupifupi katundu yense. Choncho achetewo sindikuwada ayi. Bandulo ndi yodula, ena amatsegula deta kamodzi patsiku.

Zondidetsa nkhawa n'zina. Mlendo akafunsa kuti "ndingathandize bwanji?", amamuyankha ndani, patapita masiku angati? Amene anathandiza kamodzi, anabweranso kachiwiri? Koposa zonse ndi nkhani ya adimini. M'gulu la mnzangayu mayi mmodzi ndiye amalandira zopereka pa nambala yake, mndandanda wa mabanja olandira thandizo ulinso m'foni mwake momwemo. Foniyo itabedwa m'minibasi, kapena mayiwo atangotopa, monga amatopera munthu aliyense wogwira ntchito yosalipidwa, anthu 1,024 aja sadziwa n'komwe kuti agogo a ku Chinamwali amalandira ufa liti.

Ndinamufunsa mnzanga uja ngati pali winanso amene amasunga mndandandawo. Anati afunsa kaye pagulu. Mpaka pano sanandiyankhe.